Chikumu cha pa Desiki Yathu

Lachiwiri lapitali basi inandisiya pa Chimbiya. Kunena zoona sinandisiye, ndine ndinaileka ipite ndikuiona, kondakitala akundikodola mpaka mkono kulema. Mayi a kunyumba atamva anati mutu wayamba kundizungulira. Kapena akunena zoona. Koma tandimvani kaye, mlanduwu muuweruze nokha.

Ndinkachokera kwathu ku Kasina kokazonda mayi anga, amene miyendo ikuwavuta masiku ano, ndipo ndinkabwerera ku ntchito ku Lilongwe. Mphepo ya ku Dedza yayamba kale, ija yosamva jekete. Khadi la umembala ndinali nditaonetsa kale kwa anyamata a chipani pa siteji, ndipo ndinagula mbatata yootcha, osati chifukwa cha njala koma kuti zala zimveko kutentha.

Kuseri kwa magolosale akumangako nyumba ya njerwa. Inali nthawi ya nkhomaliro, amisiri onse atabalalika, kupatula bambo mmodzi amene anakhala pa mulu wa njerwa, kope la ana asukulu lili pabondo. Ankalemba liwu limodzi, n'kuima, n'kuluma pensulo ndi mano a m'mbali, n'kufufuta. Ndevu zinali zitatuwa ndi simenti, koma kalumidwe ka pensulo kaja ndinakadziwa. Ndinakhala nako pa desiki imodzi pafupifupi zaka ziwiri.

"A Gervazio?"

Anadzutsa mutu. Kope lija linalowa m'ovolosi mofulumira ngati lobedwa.

"A Filipo. Ndinu kodi?"

Tinapatsana moni wa "inu", wa anthu akuluakulu okumana pamaliro: kunyumba kuli bwanji, ana ndi angati tsopano, nyemba zachita bwanji ku Lobi chaka chino. Panali patapita zaka khumi ndi zisanu tisanaonane, ndiye lilime linali lolemera. Kenaka ndinamufunsa chimene anabisa.

"Palibe, timiyeso ta nyumbayi basi."

Gervazio kunama sakudziwa, ndipo sanakudziwepo.

"Iwe Geri, tandionetsa."

"Iwe" ameneyo ndiye anatsegula chitseko. Anaseka, napukusa mutu, natulutsa kope. Munalibe miyeso ya nyumba. Munali chimangirizo cha Chingerezi, mizere isanu ndi iwiri, yofufutidwa mpaka pepala kubooka. Bambo wa ana anayi akukonzekera kulemba mayeso a Chingerezi a Fomu 4 kachitatu.

Ndipo amene anamukhazika pa mulu wa njerwa umenewo ndi ine. Lekani ndikubwezeni m'mbuyo.

Ine ndi Gervazio tinapatsidwa desiki imodzi titalowa Fomu 3, pa sekondale ina yogonera komweko m'mapiri athu omwewa. Dzina lake ndisalitchule, aphunzitsi ena akadali moyo. Ine ndinali mwana wa akatekisiti. Kwathu kunali timabuku, ndipo Chingerezi ndinachitola ndili wamng'ono potumikira ansembe achizungu ku mishoni. Koma masamu, abale anga, masamu ankandiona ngati ndinawaphera mbuzi. A manambala okhaokha ndinkalimbana nawo. Atayamba kuikamo zilembo, ati tipeze x, ine ndinasochera osabwereranso.

Gervazio anali wa ku Lobi, mwana wa alimi a nyemba, woyamba m'mudzi mwawo kuponda ku sekondale. Iyeyo samu ankangoiyang'ana, n'kuluma pensulo, yankho ili. Nthawi zina ankaona kuti aphunzitsi aphonya pa bolodi, koma ankangokhala duu, chifukwa kuti awauze pankafunika Chingerezi. Taganizani: mnyamata akudziwa yankho, kalasi yonse ikutuluka thukuta, iye pakamwa ali tseke chifukwa mawu akumubwerera m'Chichewa, ndipo Chichewa m'kalasi chinali mlandu.

Aphunzitsi athu sanali anthu oipa, izi ndikunena ndi mtima wonse. Koma aliyense anali ndi njira yake yotichangamutsira, ndipo njira zonsezo zinkadutsira pa manyazi.

A Mbewe, a masamu, ankabwera piriyodi yoyamba m'mawa, zala zathu zitauma ndi chisanu moti kampasi inkatipulumuka m'manja. Ankasankha munthu amene kope lake lafiira kwambiri ndi inki yawo, n'kumupatsa choko, n'kumuimika pa bolodi. Eni ake ankakakhala kumbuyo, manja ali m'matumba a jasi. Sankakalipa ayi. Ankangoti, "Tikudikira." Ine tsiku lina ndinaima pamenepo kuyambira belu mpaka belu. Anzanga makumi anayi ali kumbuyo kwanga, atsikana ali momwemo, ine ndikungolemba x n'kufufuta, mpaka malaya kunyowa kumsana m'chisanu cha ku Dedza.

Mayi Chisale, a Chingerezi, anali ndi yawo. Powerenga buku ankayambira kukhomo, aliyense ndime imodzi, mzere ndi mzere. Gervazio ankawerengeratu mitu ya anthu kuti adziwe ndime imene imugwere, n'kumaiyeserera chamumtima, milomo ikugwedezeka. Wina akangotuluka kupita panja, ndime n'kusuntha, iye n'kugwera pa ina imene sanaikonzekere. Koma chimene ankaopa kwenikweni chinali Lolemba. Tsiku limeneli pobweza makope mayi Chisale ankawerenga mokweza zimangirizo ziwiri, chabwino koposa ndi choipa koposa. Dzina sankatchula, koma tinkadziwa, chifukwa mwini wake ankazolika nkhope. Chabwino kawirikawiri chinkakhala changa. Choipa chinali cha munthu amene ndinkagundana naye chigongono. Kalasi ikamaseka, desiki yathu inkanjenjemera, ndipo iye sankaseka nawo.

Nzeru inabwera tili kumunda wa sukulu Loweruka lina, tikupalira mbatatesi. Gervazio atamaliza mizere yake anayamba kupalira yanga osandifunsa. Nditathokoza anaimika khasu.

"Kodi kwanu ku Kasina chikumu simulima?"

"Timalima."

"Nanga ife tikuvutikiranji?"

Kwa inu obadwira m'tauni, chikumu ndi kulima mothandizana: lero tonse m'munda mwako, mawa tonse m'munda mwanga. Si ganyu, palibe malipiro. Munthu wokana chikumu kwathu amatchedwa wodzikonda, ndipo tsiku limene denga lake lidzasasuke amadzafolera yekha. Ife tinakulira m'menemo. Kusukulu nakonso m'mawa uliwonse tinkauzidwa za umodzi, ati mutu umodzi susenza denga. Ndiye tinangotenga zimene tinaona kwa makolo n'kuziika pa desiki.

Lamulungu lililonse tikatuluka m'tchalitchi tinkazembera kuseri kwa mitengo ya paini. Ine ndinkalemba zimangirizo ziwiri, iye masamu a anthu awiri, kenaka aliyense n'kukopera m'kope lake ndi dzanja lake. Tinali ochenjera mwachibwana. M'chimangirizo cha Gervazio ndinkasiyamo dala zolakwika zitatu kapena zinayi kuti chioneke chake. Iyenso ankayenera kundilakwitsira samu imodzi, ndipo zimenezi zinkamuwawa mumtima. Ankati, "Filipo, samu yokongola chonchi ndiiphe dala? Bwanji tiphe inayo, ndi yonyasa kale."

Mayeso a m'kalasi sankativuta kwenikweni. Desiki inali imodzi, ndipo chigongono chimadziwa kusendera.

Musandifunse ngati tinkadziwa kuti n'kuba. Tinkabisa, ndiye penapake tinkadziwa. Koma mumtima tinkadzimva kuti ndife anthu abwino, ogwirana manja. Kope langa linasiya kufiira, choko cha a Mbewe n'kusiya kundipeza. Gervazio anayamba kuyenda mutu uli m'mwamba. Lolemba lina mayi Chisale anayamikira chimangirizo chake pamaso pa onse, ndipo iye anandiponda phazi pansi pa desiki ndi chimwemwe, mpaka chala chinatupa.

Koma mayi Chisale sanali mwana. Tili pakati pa Fomu 4 anandiitana ndekha, anzanga atapita kokadya. Anayala makope awiri pa tebulo, langa ndi la Gervazio, nandilankhula m'Chichewa, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Filipo, ine ndaphunzitsa zaka zambiri. Mwana aliyense ali ndi kayendedwe kake polemba, ndipo makope awiriwa akuyenda ndi miyendo ya munthu mmodzi. Kwa ahedi sindikutengerani, chifukwa akakuchotsani nonse, ndipo mayi ake a mnyamata uja ndinawaona tsiku lija anabwera wapansi kuchokera ku Lobi. Koma ndikuuze. Iwe ukalephera masamu, satifiketi upeza. Mnzakoyo akalephera Chingerezi, ngakhale akhoze zina zonse, satifiketi palibe. Kwatsala miyezi isanu. Leka kumulembera, yamba kumuphunzitsa."

Ndinalumbira kuti sindikudziwa chimene akunena. Anandiyang'ana nthawi yaitali, natseka makope. Sabata yomweyo anatisiyanitsa madesiki, koma za mitengo ya paini sankazidziwa.

Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akuluakulu. Ine khutu ananditsina, ndinamva kuwawa, koma Gervazio sindinamuuze. Chifukwa chake ndi ichi, ndipo ndikuchilemba koyamba lero: ndinkaopa kuti chikumu chikatha ndibwereranso pa bolodi. Ndinaika mbali ino manyazi anga a piriyodi imodzi, mbali inayo tsogolo lonse la mnzanga, ndipo manyazi anga ndiwo analemera. Lamulungu lotsatira ndinapita ku mitengo ya paini monga mwa nthawi zonse.

Mayeso enieni sadziwa chikumu. Anatikhazika m'holo, aliyense pa tebulo pake, pakati pali mpata woti n'kudutsa wilibala. Gervazio anali mizere itatu kutsogolo kwanga, ndinkangomuona msana. Tsiku la masamu msana umenewo unawerama ola limodzi n'kuwongoka, mwini wake wamaliza, ndipo kawiri konse anacheuka pang'ono ngati akufuna kundiponyera yankho ndi maso. Tsiku la Chingerezi amene anamaliza msanga ndi ine. Ndinakhala ndikuyang'ana msana womwe uja, mapewa akukwera ndi kutsika, cholembera chili m'kamwa. Nthawi itatha, pa pepala lake panali theka la tsamba.

Zotsatira zitatuluka dzina langa linalipo. Masamu ndinalephera motheratu, kulephera kochititsa manyazi, koma satifiketi ndinalandira, ndipo ndi imene ikundidyetsa mpaka lero. Gervazio anakhoza masamu kuposa wina aliyense pa sukulu yathu, ndinamva kuti a Mbewe mpaka anakalengeza pa asembule. Koma pa mndandanda wa okhoza dzina lake panalibe.

Tchimo linali limodzi, tinalichita awiri, koma chilango chinagwera mmodzi. Kumudzi chikumu chikabereka mbali imodzi, amene wakolola amatapa m'nkhokwe n'kukapatsa mnzake. Nanga satifiketi mungaitape bwanji? Katatu konse ndinayamba kumulembera kalata. Ine amene ndinkamulembera masamba awiri Lamulungu lililonse, kalata ya mizere isanu inandikanika. Ndinangokhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko kunakula mpaka zaka khumi ndi zisanu.

Lamulo lakuti popanda Chingerezi palibe satifiketi sindikulitsutsa ayi. Eni ake analiika ndi zifukwa zawo, ndipo ine ndine yani? Nkhani yanga ili ndi ifeyo, makolo, achimwene, azakhali, ndi kathandizidwe kathu.

Ife kuthandiza timakudziwa, ndipo ndimanyadira. Koma kuthandiza kwathu n'kolanda khasu. Mwana akalira ndi samu, mkulu wake amati "bweretsa kuno," n'kuilemba. Mlongo akavutika ndi chimangirizo, achimwene a ku ofesi amamulembera chokoma, cha mawu ataliatali, mwana n'kupita nacho kusukulu akumwetulira, aphunzitsi n'kuchonga, tonse mitima pansi. Ndi angati mwa inu mwachita zimenezi sabata yomwe ino? Musandiyang'ane choncho. Ine ndinachita mwezi watha, kwa mwana wanga wamkazi wa Sitandade 6, chifukwa pa wailesi panali mpira ndipo kumufotokozera kukanandidyera nthawi.

Munda ukhoza kulimidwa ndi khasu la mnzako, chimanga n'kubereka bwinobwino, chifukwa nthaka sifunsa kuti walima ndani. Mutu wa munthu si choncho. Kusiyana kumeneku ife ana a alimi sitinkakuona, ndipo amene anayesa kundionetsa ndinawanamiza m'maso muli gwa.

Koma anawo musafulumire kuwaweruza. Mwana wokopera si waulesi nthawi zonse. Ine ndi Gervazio tinkawerenga maphunziro ena onse ngati wina aliyense, kumunda tinkalima, m'khitchini tinkawaza nkhuni. Sitinkathawa ntchito, tinkathawa kusekedwa. Aphunzitsi, ndikudziwa kuti kalasi yadzaza, makope ndi mulu, choko n'chosakwana, ndipo mutu umakuwawani. Koma mwana amene mwamuimika pa bolodi belu mpaka belu saphunzira masamu pamenepo. Amaphunzira kuti mawa asadzapezekeponso, mwa njira iliyonse, ndipo njira zoterozo ana sachedwa kuzipeza.

Tibwerere pa mulu wa njerwa.

Gervazio anandifotokozera zonse bwinobwino, mosadandaula. Atachoka kusukulu anaphunzira kumanga. Maziko a nyumba amayeza ndi iye, ndi chingwe ndi zikhomo, ndipo ngodya zake palibe amazibwereza. Denga likavuta amaitana iye. Koma pa kampani imene akugwira, ukapitawo amapatsa wa satifiketi. Anyamata atatu wawaphunzitsa yekha kagwiridwe ka chingwe, ndipo onse atatu lero amamutuma. Chaka chino abwana amuuza kuti pali malo amodzi okaphunzira ukapitawo, ndipo amusungira mpaka zotsatira zituluke. Akalephera, apatsa wina, ndipo iye akuti sadzayesanso. Mayeso kwatsala miyezi iwiri.

"Ana akukula, Filipo. Wamkulu ali Sitandade 8. Tsiku lina anandipeza ndi kopeli, anandikonzera mawu awiri. Ndinaseka, koma chakudya tsiku limenelo sichinalowe."

Ndinatenga kope. Mutu wa chimangirizo unali wakuti afotokoze tsiku la msika. Ndinawerenga mzere woyamba, wachiwiri, ndipo sindikudziwa kuti bolopeni inatuluka nthawi yanji m'thumba langa. Ndinangoona dzanja langa latsegula tsamba latsopano, layamba kale kulemba, mawu akubwera okha, okoma, monga kuseri kwa paini kuja. Ndinkamva bwino, abale. Ndinkamva ngati tsopano ndikukonza zimene ndinaononga.

Dzanja lokhakhala ndi simenti linandigwira pamkono. Silinafinye, koma silinasiye.

"Ayi, Filipo. Munda uwu usandilimirenso."

Basi ya ku Lilongwe inafika nthawi yomweyo. Ndinaiyang'ana, ndinayang'ana dzanja lija, ndipo ndinabweza bolopeni m'thumba. Apa m'pamene kondakitala uja anakodola mpaka kutopa.

Ndinamuuza zonse. Za mayi Chisale, za makope awiri pa tebulo, za miyezi isanu ija imene mwina ikanamukwanira. Ndinkalankhula ndikuyang'ana nsapato zanga. Ndinkayembekeza kuti anyamuka n'kundisiya pomwepo, ndipo ndikanati wachita bwino.

Analuma pensulo.

"A Mbewe nawonso anandiitana," anatero. "Anati ndikukulumaza. Inenso sindinakuuze. Ndinkaopa Lolemba."

Tinayang'anana, amuna awiri a ndevu, ndipo tinaseka mpaka amayi ogulitsa tomato anatembenuka. Kuseka kwanga kunathera m'misozi, ndipo sindinabise.

"Koma si zofanana, Geri. Ine ndinkadziwa kuti iwe utaya zonse."

"N'zoona, si zofanana."

Sananditonthoze, ndipo ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Anayang'ana ku msewu kumene basi inalowera, kenaka anapitiriza.

"Ndinakukwiyira zaka zingapo, zimene wanenazi ndisakuzidziwa n'komwe. Ndinkati, kalata imodzi yokha inavuta? Koma mkwiyo sulemba mayeso. Khala apa, upinde manja, uzingondilozera pamene palakwika. Kukonza ndikonza ndekha."

Kwathu kupinda manja mnzako akuvutika ndi mwano, koma ndinawapinda. Kapitawo wake, mmodzi wa anyamata atatu aja, anabwera kudzamuitanira ku ntchito, ndipo ataona kope anabwerera mwakachetechete. Mzere umodzi unkatitengera nthawi yoti munthu n'kusenda mbatata n'kuidya. Liwu loyenera linkandifika pamlomo, ine n'kulimeza. Gervazio ankalifuna, ankalizungulira, ankaluma pensulo, ndipo nthawi zina ankapeza lina limene ine sindikanaliganiza. Analemba kuti msika wa pa Chimbiya umayamba ndi amayi amene afika mame ali kumiyendo. Ine ndi Chingerezi changa chonse mame amenewo ndinali ndisanawaonepo.

Pamene basi yachiwiri inkafika anali ndi ndime imodzi. Yokhota, yotsimphina apa ndi apo, koma yake. Anaiwerenga mokweza kawiri, ndipo palibe anaseka.

Tapangana chikumu chatsopano. Lachinayi lililonse azipatsira kondakitala wa basi ya m'mawa envulopu, ine ndizikaitenga ku depoti. Ntchito yanga ndi kudula mzere pansi pa cholakwika, ndi pensulo, osalembapo liwu ngakhale limodzi. Loweruka lililonse ndizitsika pa Chimbiya mpaka tsiku la mayeso.

Envulopu yoyamba yafika dzulo, tsamba limodzi ndi theka. Ndadula mizere yambiri moti pensulo ndaisongola kawiri, ndipo bolopeni ndawapatsa mayi a kunyumba kuti andibisire, chifukwa dzanja ili sindikulikhulupirira. Ngati miyezi iwiri imukwanire, sindikudziwa, ndipo ndikuchita mantha. Inalipo isanu, ndinaidya ndine.

Pansi pa chimangirizocho wajambulapo denga la nyumba. Miyeso iwiri wapereka, pachitatu waikapo x. Pambali walemba m'Chichewa kuti, "Uwu ndi munda wako. Usafunse munthu."

Ndakhala nalo denga limeneli kuyambira dzulo, ndipo mpaka pano silinaime. Mwana wanga wa Sitandade 6 uja wazungulira tebulo katatu, akundimvera chisoni. Masamu amenewa sanawafike n'komwe, koma watambasula kale dzanja.

"Ababa, bweretsani kuno."

Mawu anga omwe aja, kanenedwe kake komwe. Ndamuuza kuti akatenge kope lake la mwezi watha, tikhale pansi, samu imene ndinamulembera ija aichite yekha ine ndikuona. Wakwinya nkhope, akuti inachongedwa kale.

Nanga inu, mwana akabwera ndi kope madzulo ano, misozi ili m'maso, mpira uli pa wailesi, mutani? Mukamulanda khasu mugona bwino, ndikudziwa, inenso ndinkagona bwino. Koma zaka khumi ndi zisanu zikubwerazi, mudzamupeza atakhala pa mulu wa njerwa uti?